Kukhoma makina sikunadyetsepo woyimba

Nthawi iliyonse imene bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, lagawa ndalama kwa oyimba, mkangano wakale uja umadzukanso. Pa mapologalamu a wailesi oyimbira foni, pakati pa oyimba okhaokha, ngakhale panja pa tchalitchi anthu akaweruka kophunzira nyimbo za kwaya kuno ku Kasungu, dandaulo limakhala limodzimodzi: nyimbo zathu zili m'foni ya aliyense koma m'thumba mwathu muli pululu. Kenako wina amatulutsa mankhwala amene akuti angathetse zonse. Akuti boma lilamule kuti mafoni, ma flash, mamemori kadi ndi makompyuta olowa m'dziko muno azikhala ndi loko woletsa kukopera nyimbo, kuti anyamata owotcha nyimbo pamsika asowe pogwira. Mkwiyo wa oyimbawa ndi womveka ndipo sindikuupeputsa. Koma mankhwala awowa ndi olakwika. Loko woikidwa m'makina saletsa wakuba. Amene amamva kuwawa kwake ndi woyimba wamng'ono ndiponso womvera wachilungamo. Njira imene ingaike ndalama m'manja mwa woyimba ndi ya levy (kandalama kotoleredwa pa zida zokoperera nyimbo) ndi ziphaso za owotcha nyimbo, bola ikonzedwe kuti izifika mpaka kumudzi. Sindikulankhula zongoganizira. Maiko olemera anayesapo kale loko wotere pa makina otchedwa DAT, ndipo mmene zinathera n'zodziwika.

Achinyamata ambiri sanaionepo DAT, choncho ndiyambe ndafotokoza. Kampani ya Sony inaitulutsa mu 1987. Kanali kakaseti kakang'ono, mamilimita 73 m'litali ndi 54 m'lifupi, kokhala ndi tepi ya mamilimita pafupifupi 4, ndipo kamutu kowerengera tepiyo kankazungulira monga ka m'makina a vidiyo. Koma chachilendo chenicheni chinali mmene kankasungira mawu. Amene tinakula ndi wailesi za makaseti awiri tikukumbuka za kudaba. Ukadaba kaseti yochokera kusitolo, mawu ankamveka bwino ndithu. Mnzako akadaba yakoyo, zing'wenyeng'wenye zinkayamba kufooka, kumbuyo kukumveka kaphokoso ka siii. Pofika kwa munthu wachinayi, gitala ndi mawu a woyimba sizinkasiyanikanso. Kufooka kumeneku n'kumene kunkateteza makampani a nyimbo iwo ali phee, chifukwa wofuna mawu abwino ankabwerera yekha kusitolo. DAT inasintha zimenezi. Inkasunga mawu ngati manambala, poyeza phokoso maulendo 48,000 pa sekondi, kapena 44,100 monga imachitira CD, kapenanso 32,000. Nambala ukaikopera siifooka. Kope la nambala 100 limamveka chimodzimodzi ndi loyamba. Makampani a nyimbo, makamaka a ku America kudzera m'bungwe lawo la RIAA, ataona zimenezi anagwira njakata.

Zimene anachita zinayenda motere. Makina oyamba a DAT ogulitsidwa kwa anthu wamba anawalemaza dala kuti asamajambule mwachindunji kuchokera ku CD pa mlingo uja wa 44,100. Kenako kampani ya CBS Records inabweretsa njira yotchedwa Copycode. Nzeru yake inali yodula kachigawo kakang'ono ka mawu m'nyimbo iliyonse, cha pa 3,840 Hz, kufupi ndi makiyi akumapeto kwenikweni a piyano, kuti makina akaona kampata kameneko azikana kujambula. Tamvani bwino pamenepa: pofuna kuteteza nyimbo, anali okonzeka kuwononga nyimboyo kwa aliyense, wogula mwachilungamo yemwe. Mu 1988 bungwe la boma la America loona za miyezo, National Bureau of Standards, linayesa njirayi n'kupeza kuti pa nyimbo zina kudulako kunkamveka m'khutu, nthawi zina makina ankakana nyimbo zosatetezedwa, nthawi zina ankalola zotetezedwa, ndipo kuilambalala kunali kosavuta. Copycode inafera pomwepo. Chaka chomwecho Sony inamaliza kugula CBS Records, ndiye kuti wopanga makina ndi mwini nyimbo anakhala banja limodzi.

Mu 1989 opanga makina ndi makampani a nyimbo anakumana ku Athens n'kugwirizana za loko wina wotchedwa SCMS. Loko ameneyu ndiye mtima wa nkhani yathu. Pa tepi pankalembedwa timanambala tiwiri tosamveka m'khutu. Tikakhala 00, kopera mmene ungafunire. Tikakhala 11, ukuloledwa m'badwo umodzi wokha wa makope. Tikakhala 10, makina akana. Ukajambula kuchokera ku CD kudzera pa waya wa digito, tepi yakoyo inkadindidwa 10, choncho kuchokera pa tepi imeneyo sukanathanso kupanga ina. Mwachidule, kope la chinthu choyambirira linkaloledwa, kope la kope ayi. Ngakhale zinali choncho, mu 1990 wolemba nyimbo Sammy Cahn pamodzi ndi makampani osindikiza nyimbo anaisumirabe Sony, chifukwa loko yekha sankawapatsa ndalama. Mkanganowo unatha mu 1992 pamene America inakhazikitsa lamulo la Audio Home Recording Act. Lamuloli linakakamiza SCMS m'makina a anthu wamba, linaika levy ya 2 peresenti pa makina ndi 3 peresenti pa matepi osajambulidwa, ndipo linati munthu wojambulira nyimbo kunyumba osati pofuna malonda asasumiridwe. MiniDisc ya Sony ndi DCC ya Philips, zida zina zojambulira mawu ngati manambala zimene zinatuluka chaka chomwecho, nazonso zinabadwa ndi loko yemweyo.

Tsopano tione zimene ofuna loko amanena. Mfundo yawo yoyamba ndi yamphamvu kuposa zonse: nyimbo ndi thukuta. Woyimba wagulitsa fodya kapena soya kuti alipire situdiyo, walipira oyimba zida, wakwera basi kupita ku Lilongwe kukajambula vidiyo, kenako chimbale chisanakhazikitsidwe n'komwe chapezeka kale pa benchi la kudepoti. Iwo akuti ngati makinawo atamakana kukopera, wakubayo asowa chogulitsa. Yankho langa lili m'mene SCMS inkagwirira ntchito. Loko uja sankawerenga kuchuluka kwa makope ochokera pa CD yoyambirira. Munthu wogula CD imodzi akanatha kujambula matepi khumi, zana, kapena kudzaza thumba, makina osadandaula, chifukwa lililonse linali kope la chinthu choyambirira. Wochita malonda akuba amangofuna CD imodzi basi. Kuwonjezera apo, makina a akatswiri a m'masitudiyo sanakhudzidwe ndi lamulolo, ndipo timabokosi tochotsa timanambala tiwiri tija tinkagulitsidwa kwa wofuna. Wopanda zonsezo akanangolumikiza waya wamba wa sipika n'kujambula, mawu n'kutsika pang'ono chabe. Chilichonse chimene khutu lingamve, makina ena angachijambule. Zili ngati kukhoma loko wamkulu pakhomo la khola pamene kuseri kuli chibowo: mwini mbuzi ndiye amalimbana ndi kiyi m'mawa uliwonse, fisi akudzilowera kuseriko.

Ndipo chibowo chachikulu chinali kompyuta. Lamulo la 1992 lija silinakhudze makompyuta, chifukwa opanga makompyuta anali ndi mphamvu zokwanira zodzichotsamo. Mu 1998 kampani ya Diamond Multimedia inatulutsa kamakina komvera MP3 kotchedwa Rio. RIAA inathamangira kukhoti ponena kuti kamakinako kalibe SCMS, koma mu 1999 khoti linagamula kuti lamulolo silikukakhudza. Chaka chomwecho pulogalamu yogawirana nyimbo yotchedwa Napster inayamba, ndipo nyimbo zinayamba kuyenda pa intaneti popanda tepi, popanda CD, popanda loko. Zaka zonse zimene anathera kulimbana ndi kakaseti ka DAT, madzi anali akudutsa kwina. DAT yokhayo siinafike m'nyumba zambiri. Ku America inalowa mokwanira m'masitolo mu 1990, yokwera mtengo komanso yomangidwa miyendo, anthu n'kuinyalanyaza. Inapulumukira m'masitudiyo ndi m'nyumba zoulutsira mawu, kumene makina ake analibe loko, mpaka Sony inasiya kupanga makinawo chakumapeto kwa 2005.

Mfundo yachiwiri ya ofuna loko ndi yofatsa, ndipo ndi imene imakopa anthu oganiza bwino. Iwo amati SCMS sinali yankhanza. Inkamulola munthu kukhala ndi kope lake lomvera m'galimoto kapena kumunda, n'kungoletsa kufalitsa mopitirira. Kodi kumeneko si kukumana pakati? Pongomva zikuoneka choncho. Vuto n'lakuti makina sadziwa mwini nyimbo. Woyimba akatenga DAT ya anthu wamba n'kujambula nyimbo yake, yopeka yekha, ndi mawu ake, kudzera pa maikolofoni, makinawo ankadinda tepiyo kuti yololedwa m'badwo umodzi basi. Akapanga kope losunga, kopelo linkatuluka lokhomedwa. Tiyerekeze kuti master, tepi yoyambirira ija, yatafunidwa ndi makina, kapena yapita ndi wojambula amene wasamuka osatsanzika. Woyimba watsala ndi kope la nyimbo yakeyake, ndipo makina ake omwe akumukaniza kuikopera. Kuti amasuke ankayenera kugula makina a akatswiri, okwera mtengo kwambiri. Ndiye kuti situdiyo yolemera inali pa ufulu, woyimba wa m'chipinda chogona ali pa unyolo. Loko amene ankati akuteteza oyimba anasankha yekha oyimba oti awapanikize, ndipo anali osauka.

Izi tisazione ngati zakutali. Taganizani za kwaya ya ku Santhe, ku Chamama kapena ku Kapiri. Asonkherana kwa miyezi, amayi ena agulitsa mtedza, apita ku kasitudiyo ka m'tauni komwe makoma ake anakhomamo matileyi a mazira ndi bulangete. Atuluka ndi flash imodzi. Flash imeneyo imasungidwa ndi mlembi wa kwaya, atakulunga m'pepala m'kati mwa buku la nyimbo. Kuchokera pamenepo nyimbo ziyenera kufika kwa woyimba kiyibodi, kwa abusa, kwa mnyamata wa zokuzira mawu pa tsiku lokhazikitsa chimbale, kwa muulutsi wa wailesi ya m'dera, kwa mwana wa m'kwayamo amene ali ku Johannesburg ndipo ndi amene anatumiza theka la ndalama. Palibe aliyense mwa anthu amenewa amene akuba. Komabe ulendo uliwonse pamenepa ndi kope la kope. Foni yokhala ndi loko wa mtundu wa SCMS ikanaimitsa nyimbozo pa munthu wachiwiri. Woyimba wotchuka wa mumzinda, amene ali ndi manejala ndi situdiyo yakeyake, akanapeza njira. Kwaya ya ku Chamama ikanangoti foni yavuta.

Pali china chimene sitimachiganizira pamene tili ndi mkwiyo, chomwe ndi kusunga. Tepi imaola, CD imakalika, flash imangofa tsiku lina popanda chenjezo. Nyimbo imakhala ndi moyo wautali pokhapokha ngati ikusamutsidwa kuchoka pa chosungira chakale kupita pa chatsopano, ndipo kusamutsa kumeneko ndi kukopera. Lero nyumba zosunga mbiri m'maiko ambiri zili pa liwiro lopulumutsa zimene zinajambulidwa pa DAT, chifukwa makina ake sapangidwanso, zipangizo zokonzera zikusowa, ndipo tepi ya digito ikawonongeka siifooka pang'onopang'ono monga kaseti wamba, imangodumpha kapena kukhala chete. Kwathu kuno nyimbo zambiri za m'ma 1980 ndi 1990, za mabandi ndi makwaya amene anatha kalekale, tikuzimvabe chifukwa munthu wina anadaba kaseti, wina n'kuiika pa kompyuta, wina n'kuitumiza pa foni. Mganda, chimtali ndi ingoma zimene anthu amajambula pa zisangalalo ku Kasungu ndi ku Mchinji zidzapulumuka mwa njira yomweyo. Hugh Tracey anajambula nyimbo za makolo athu m'dziko muno m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Kuti mdzukulu wa oyimba aja azimve lero ali pakhonde pake, pafunika makope angapo otsatizana. Loko woletsa kope la kope amadula unyolo umenewu popanda kufunsa kuti nyimboyo ndi ya ndani.

Mfundo yachitatu imachokera kwa achinyamata odziwa za makono. Iwo amati DAT ndi nkhani ya makolo, maloko a lero ndi olimba. Taonani Spotify ndi YouTube: nyimbo ukaisunga m'foni kudzera m'mapologalamu amenewa sungaitumize kwa mnzako, ndipo anthu mamiliyoni akulipira. Zoona, akulipira. Koma chimene chinawakoka si loko. Chinawakoka n'chakuti kulipira kunakhala kophweka kuposa kusakasaka nyimbo zakuba. Umboni wake ndi wakuti pamene loko anali chida chokhacho, makampani anagonja. Mu 2005 Sony BMG inaika pulogalamu yobisika m'ma CD ake imene inkadzilowetsa m'makompyuta a ogula n'kuwatsegulira khomo la mavairasi. Panali milandu, ma CD n'kuchotsedwa m'masitolo. Mu 2007 Steve Jobs wa Apple analemba poyera kuti maloko a nyimbo sakugwira ntchito, ndipo pofika 2009 sitolo ya iTunes inkagulitsa nyimbo zake zonse zopanda loko. Komanso njira ya Spotify imafuna bandulo, netiweki yodalirika ndi njira yolipirira mwezi ndi mwezi. Mlimi wa ku Mkanda amene amatchajitsa foni pagolosale sakhala m'dziko limenelo. Nyimbo zake zimabwera pa memori kadi, pa Bluetooth, pa Xender ndi pa WhatsApp. Ndipo tisanamizane, oyimba ambiri amatumiza okha nyimbo zatsopano m'njira zomwezi, akupempha kuti anthu azifalitse, chifukwa ndalama zenizeni zili kumaphwando, ku zinkhoswe ndi ku misonkhano.

Palinso funso losavuta la mphamvu. America inatha kukakamiza Sony chifukwa msika wake ndi waukulu moti palibe kampani imene ikanausiya. Mafoni a Itel ndi Tecno amene adzaza m'matumba mwathu amapangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, ndipo amapita kumaiko ambirimbiri. Palibe fakitale imene ingasinthe makina ake chifukwa cha lamulo la ku Lilongwe. Ndipo litati lamulo lotero lakhazikitsidwa, wa ku Mchinji aliyense akudziwa kuti Chipata si patali, ndipo njira zodutsira si imodzi.

Tsopano ndifike pa njira imene ndikuikonda, ndipo nayonso ili ndi adani ake. M'lamulo la 1992 lija munali zinthu ziwiri, loko ndi levy. Loko anafa. Nzeru ya levy ndi yakale kuposa DAT, poti Germany inaiyamba mu 1965 pa makina ojambulira, ndipo ikugwirabe ntchito m'maiko ambiri. Maziko ake ndi kuvomereza choonadi: anthu azikopera ndithu, sitingaike wapolisi m'nyumba iliyonse, choncho tiyeni titenge kandalama pang'ono pa chida chokoperacho tipatse eni nyimbo. Kuno kwathu COSOMA, imene inayamba ntchito mu 1992 potsatira lamulo la 1989, inayesapo timapepala tonyezimira tomata pa makaseti ndi ma CD. Timeneto tinali ndi tanthauzo pamene nyimbo inali chinthu chogwirika, chogulidwa pa kauntala. Pansi pa lamulo latsopano la 2016 kunabwera levy ya pa zida zosungira zinthu, imene imatoleredwa katunduyo akamalowa m'dziko. Oyimba ena amene anali atataya mtima alandirapo ndalama kudzera m'njira imeneyi. Phunziro lina lochokera ku America ndi lakuti levy yawo inauma chifukwa inamangiriridwa ku matepi ndi makina amene anthu anasiya kugula, pamene makompyuta ndi mafoni anali kunja. Levy iyenera kutsata chida chimene anthu akugwiritsa ntchito lero.

Otsutsa levy amati ndi chilango kwa osalakwa. Mayi wogula memori kadi kuti asungiremo zithunzi za ukwati wa mwana wake, kapena mphunzitsi wogula flash yosungira mayeso, alipiriranji oyimba? Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo siingathetsedwe kotheratu. Levy ndi chida chobuntha, chimadula olakwa ndi osalakwa omwe. Komabe tiyerekeze kulemera kwa zolakwika ziwirizi. Levy imamutengera mayi uja kandalama kamodzi, pa tsiku logula, kenako kadiyo ndi yake, achite nayo chimene akufuna. Loko amamutsata tsiku lililonse, ndipo tsiku lina adzamukaniza kutumiza kwa mchemwali wake nyimbo imene anajambula yekha pa chinkhoswe, chifukwa makina aganiza kuti ndi ya munthu wina. Kupatula apo, levy imabala ndalama zimene woyimba angagulire feteleza. Loko, ngakhale atagwira ntchito bwino chotani, sabala tambala. Amangoyembekezera kuti munthu amene wakanizidwa kukopera apita kukagula, ndipo kuno kwathu nthawi zambiri munthuyo alibe kokagula. Sitolo yogulitsa ma CD enieni a oyimba athu, ku Kasungu kuno muipeza pati?

Funso limeneli likutifikitsa kwa mnyamata wowotcha nyimbo uja, amene ambiri amamuona ngati mdani wamkulu. Muimireni pafupi tsiku la msika. Ali m'kakontena kapena pansi pa lona, kompyuta yafumbi pathebulo, sipika ikugunda mpaka malata kunjenjemera, mawaya a mafoni a mitundu yonse atapachikika pa msomali. Akubwera bambo wa njinga ya kabaza, akutulutsa kadi m'foni ndi chikhadabo. Mnyamata akufunsa, maso ali pa sikirini: “Tikuikireni ziti, madala? Zauzimu, za ku Zambia, kapena zakale?” Mphindi zochepa, kadi yadzaza. Ena amati tikamulekerera ameneyu tikuphunzitsa ana kuti nyimbo ndi yaulere. Koma pa benchi limeneli palibe chaulere, bambo wa kabaza uja walipira. Anthu athu sakana kulipira nyimbo. Cholakwika n'chakuti ndalamayo imathera pa benchipo. Mnyamatayu akuchita malonda ndi katundu wa eni, ndipo pamenepa lamulo liyenera kuluma: akhale ndi chiphaso, azilipira, wokana alandidwe zida. Zimenezi n'zosiyana kotheratu ndi mwana wotumizira agogo ake nyimbo ya kwaya pa Bluetooth. Munthu woyendera msika amatha kusiyanitsa awiriwa pongoyang'ana. Timanambala tiwiri ta pa tepi sitinathe, ndipo pulogalamu ya m'foni singathenso.

Chomwe ndingagwirizane nacho ndi odandaula n'chakuti kutolera ndalama ndi mbali yophweka, nkhondo ili pa kugawa. Ngati kagawidwe kangatsamire pa nyimbo zomveka pa wailesi zazikulu ndi pa intaneti, ndalama yochokera pa kadi ya bambo wa kabaza ku Kamwendo ikathera kwa woyimba wa mumzinda amene bamboyo sanamumvepo, pamene kwaya imene yadzaza m'kadimo sinalembetse n'komwe. Apa m'pamene oyimba a m'maboma athu ayenera kuthera mphamvu zawo m'malo mopempha loko. Afunse poyera kuti gawo la aliyense limawerengedwa bwanji. Apemphe kuti zolembetsa zizibwera ku Kasungu ndi ku Mchinji pa masiku odziwika, chifukwa kwaya yakumudzi singakwanitse thiransipoti ya ku Lilongwe kukatsata mafomu. Apemphe kuti ndandanda ya nyimbo zoulutsidwa pa wailesi za m'madera, monga Mudzi Wathu ku Mchinji, iziwerengedwa mokwanira. Ndipo chiphaso cha wowotcha nyimbo chibwere ndi udindo umodzi woonjezera, wopereka mwezi ndi mwezi maina a oyimba amene anthu akuwafuna kwambiri pa benchi lake. Iye amawadziwa pamtima kuposa ofesi iliyonse, chifukwa foda imene imatsegulidwa kawirikawiri amaiika pamwamba penipeni pa sikirini kuti asamavutike kuisaka.